Thupi ndilo limasankha bwato

Ambiri mwa ochita mpikisano wa timabwato ta thanga amayambira mu Optimist, kabwato kooneka ngati bokosi, kotalika mamita 2.3, komwe Clark Mills anakonza ku Florida mu 1947. Mwana amaloledwa kupikisana nako mpaka chaka chimene wakwanitsa zaka 15, koma kawirikawiri thupi limamutulutsamo lamulo lisanatero. Akangopitirira makilogalamu 55, mphepo ikangoti zii, anzake opepuka amamusiya poyera.

Pamenepa ndi pomwe makolo ndi aphunzitsi amapupuluma, ndipo zimandiwawa kuona mwana waluso akugwa ulesi chifukwa cha phuma la akuluakulu. Bwato lotsatira nthawi zambiri ndi ILCA, lomwe kale linkatchedwa Laser. Bwatolo ndi limodzimodzi, lotalika mamita 4.23, chimasintha ndi thanga ndi chigawo cham'munsi cha mlongoti. Matanga alipo atatu: ILCA 4, ILCA 6 ndi ILCA 7. Lalikululo, ILCA 7, limafuna munthu wa makilogalamu 80 kapena kuposerapo pang'ono. Mukampatsa mnyamata wa makilogalamu 65, mphepo ikakula bwato limapendekeka, mphuno yake n'kumathawira kumene mphepo ikuchokera. Iye amakoka chiwongolero kuti alibweze, chiwongolerocho n'kusanduka buleki m'madzi. Amatopa, liwiro osaoneka, mawondo ndi msana n'kuyamba kudandaula adakali wamng'ono.

Chomwe chimawongola bwato ndi kulendewera kunja. Mapazi amakola pansi pa lamba wapakati, ntchafu zili m'mphepete, msana uli pamwamba pa madzi, dzanja lina pachiwongolero, lina pachingwe cha thanga. Mpikisano umodzi umatha mphindi ngati 45, ndipo patsiku imakhala iwiri kapena itatu. N'chifukwa chake masiku opanda mphepo amathera panjinga ndi pabenchi yolimbitsira ntchafu ndi mimba.

Ben Ainslie wa ku Britain anapeza siliva mu Laser ku Olympics ya 1996, golide mu 2000, kenako anawonjezera thupi mwadala kuti akwanire mu Finn, bwato la amuna a matupi olemera. Mmenemo anatenga golide mu 2004, 2008 ndi 2012.

Mphamvu zokha sizikwanira. Mapointi amawerengedwa chotsika: woyamba amapeza 1, wachikhumi 10, ndipo akaphatikiza mapointi a mipikisano yonse, wopambana ndi amene ali ndi ochepa. Mpikisano umodzi woipitsitsa amakuchotsera, wachiwiri umakhala nawo. Lipenga loyamba limalira kutatsala mphindi 5 kuti mpikisano uyambe, lina pa 4, lina pa 1. Mphuno ya bwato ikadutsa mzere woyambira nthawi isanakwane ndipo iwe osabwerera, mpikisano umenewo waluza. Ukalakwira mnzako panjira umazungulira kawiri pomwepo, enawo akupita. Mnyamata amene wakhalitsa pathanga lomukwana amakhala ndi mpata wokweza maso n'kuphunzira zimenezi, pomwe wopupulumitsidwa uja maso ake ali pachingwe, kulimbana kuti asagudubuzike.