Kukwera Phiri la Zomba ndi pepala, makala ndi pemphero

Wofuna kukajambula pamanja pa Phiri la Zomba ayambe waganizira za dzuwa asanaganize za penti. Malo amene anthu amawathamangira ali mbali ziwiri zosiyana. Emperor's View, pamene anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndi Queen's View ayang'ana kum'mawa chakumwera, komwe kuli Nyanja ya Chilwa ndi Phiri la Mulanje. Dzenje la Chingwe lili kumadzulo, moyang'ana chigwa cha Shire. Mukafika pa Emperor's View m'mamawa, dzuwa limakuthobwani m'maso ndipo Mulanje amangooneka ngati utsi. Pamenepa mpofika dzuwa litapendeka, lili kumsana kwanu. Kwa Chingwe ndiye nkopita m'mawa. Musayese kufika konse kuwiri wapansi tsiku limodzi, chifukwa mudzayenda tsiku lonse nkubwera ndi pepala loyera.

Mwezi nawo ngofunika. Epulo ndi Meyi, mvula itangoleka, kunja kumakhala kwambee ndipo mumaona kutali. Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, nkhungu nkukuta chilichonse mwadzidzidzi. Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umabisa chigwa chonse.

Kuchokera ku Limbe ndi makilomita pafupifupi 65 pa msewu wa M3, ndipo maminibasi sasowa. Mukatsika m'tauni, mutha kukwera njinga yamoto ya kabaza pa msewu wokhotakhota mpaka pa hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phiri, kapena kukwera wapansi pa njira ya Potato Path ngati maondo anu ngolimba. Pamwamba pali anyamata operekeza alendo. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo muwauze kuti mukakhala pamalo amodzi maola awiri, chifukwa anazolowera alendo ongojambula ndi foni nkumapita.

Chenjezo limodzi la m'tauni: Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndiye nyumba zakale zokoka maso nzambiri, koma kufupi ndi Cobbe Barracks, ndende ndi State House musatulutse kabuku kanu musanapemphe chilolezo. Msilikali sangadziwe ngati mukujambula maluwa kapena mapu.

Tibwere ku zachikhulupiriro. Zomba ndi tauni yosula atumiki a Mulungu: ansembe achikatolika amaphunzira ku St Peter's Major Seminary, abusa a CCAP ku Zomba Theological University, imene kale inkatchedwa Zomba Theological College. Mipingo iwiriyi siiona zithunzi mofanana. Mkatolika anakulira pakati pa zosema ndi zithunzi za Njira ya Mtanda, pamene wa CCAP anakulira m'tchalitchi cha makoma opanda kanthu, akumva lamulo loletsa mafano la pa Eksodo 20. Achinyamata ena aluso amasiya kujambula poopa kuti nkuchimwa. Komatu m'buku lomwelo, mutu 31, Mulungu akutchula dzina mmisiri Bezaleli nkumudzaza ndi Mzimu wake kuti azisema ndi kusula zokongoletsa chihema. Choletsedwa nkugwadira chimene mwapanga.

Vuto limene limagwira ojambula athu ambiri ndi lina. Munthu amakhala patsogolo pa phiri lenileni koma nkujambula phiri la m'mutu mwake: nsonga zitatu zosongoka, dzuwa lofiira likulowa, mlambe pambali, mayi atasenza mtsuko. Nzimene alendo amagula, nzoona, koma pamwamba pa Zomba palibe mlambe. Pali paini, udzu wa m'mapiri, matanthwe a ndere ndi timitsinje tozizira. Ngati timakhulupirira kuti zonsezi anazilenga ndi Mulungu, kuzijambula mwabodza nkusamulemekeza. Mapemphero athu a kuphiri, amene pa Zomba sasowa, nthawi zambiri amakhala ofuula ndi opempha. Kujambula ndi pemphero lomvetsera. Mukafika pamalo, khalani mphindi 15 pensulo ili m'thumba. Werengani Salmo 121 kapena 104 ngati mukufuna, kenako yang'anani: mthunzi ukugwera kuti, mizere ya mapiri ilipo ingati pakati pa inu ndi Mulanje, pakuda kwambiri mpati. Mphindi zisanu zoyambirira mtima umathamanga, umafuna kuyamba. Upirireni.

Zonyamula zisachuluke. Thabwa lopyapyala la plywood lokulirapo pang'ono kuposa pepala la A3, tepi ya pepala, mapepala okhuthala, makamaka a 300 gsm (muyezo wa kulemera kwa pepala) ngati mwawapeza, pensulo za 2B ndi 6B, maburashi awiri, mabotolo awiri a madzi, ndi jumbo lalikulu lokutira zonse. Pepala la mu pulinta la 80 gsm limakwinyika likangonyowa, lisungeni la makala okha. Matani pepala pathabwa mbali zonse zinayi, chifukwa m'mphepete mwa phompho mphepo siichenjeza.

Penti wa m'sitolo ngodula, ndiye yesani wa dothi la konkuno. Tapani katondo wofiira wodzaza manja awiri m'mbali mwa msewu, ndi dothi lachikasu ngati mwaliona pamene madzi anakokolola. Thirani m'chidebe cha madzi, vundulani bwino, dikirani theka la mphindi kuti mchenga ukhale pansi, kenako tsanulirani madzi amatopewo m'chidebe china kudzera pa kansalu. Asiyeni usiku wonse. M'mawa tayani madzi apamwamba, phala lotsalalo muliyanike pa mbale, likauma mulipere mpaka lisamveke mchenga pakati pa zala. Chomatira ndi utomoni wa mthethe, uja umaundana pa khungwa: muyezo umodzi wa utomoni, miyezo iwiri ya madzi ofunda, usungunuke usiku wonse, nkusefa. Onjezani uchi pang'ono, theka la supuni yaing'ono pa masupuni aakulu anayi a madzi a utomoniwo, kuti penti asang'ambike akauma. Sakanizani ndi ufa wa dothi uja pafupifupi muyezo wofanana, muike m'zivindikiro za mabotolo.

Yesani kaye kunyumba. Pakani kamzere, kaume, kenako pukutani ndi chala. Utoto ukatsalira pachala, utomoni wachepa. Ukamanyezimira nkusweka, wachuluka. Uchi ukachuluka penti sauma, ndipo nyerere zimakupezani. Madzi a utomoni amasasa pakangotha masiku ochepa, ndiye pangani ochepa. Mtundu wobiriwira ndi wamtambo dothi silikupatsani. Wa masamba opera umasanduka wotuwa sabata isanathe, ndiye mitundu iwiriyi ingogulani. Makala ojambulira mupange ndi timitengo tokula ngati pensulo, tosenda makungwa: titsekereni m'chitini choboola kachibowo kamodzi pachivindikiro, ikani pa mbaula mpaka utsi uleke kutuluka, ndipo musatsegule chisanazizire, apo ayi tisanduka phulusa. Makala a pamsika ngouma kwambiri, amakanda pepala.

Pojambula kuchokera pamwamba, yambani ndi chakutali. Mulanje akhale wotumbuluka, penti wamadzimadzi, pafupifupi mtundu wa thambo. Mzere uliwonse wa mapiri woyandikira uzidera pang'ono, ndipo katondo wanu ndi makala akuda musungire thanthwe limene mwakhalapo. Ambiri amadetsa Mulanje chifukwa akudziwa kuti ndi phiri lalikulu, chithunzi nkukhala chafulati ngati khoma. Chilwa musampake kwambiri. Siyani kamzere kopyapyala ka pepala loyera.

Madzi othamanga ngovuta kuposa mapiri. Pa mathithi a Williams Falls, pa mtsinje wa Mulunguzi, jambulani miyala yakuda yozinga madziwo, madziwo adzaoneka okha. Koma pansi pa mitengo pamenepo mpachinyontho, penti amatenga nthawi kuuma, ndipo mukapakanso pamwamba asanaume zonse zimasanduka matope. Gwirani mapepala awiri mosinthana. Nkhungu ikabwera, penti bwezani m'jumbo, tengani makala. Paini wakuda akuzimirira mu nkhungu amatuluka bwino ndi makala ndi chala chokhulira.

Mukakumana ndi gulu likupemphera pathanthwe, musawajambule mobisa. Dikirani amalize, apatseni moni, pemphani. Amayi ena amakana, ndipo kukanako nkwabwino kukulemekeza. Moto musasonkhe, phirili lapsa kokwanira. Masitiroberi amene mwagula m'njira musawasiye poyera, anyani sachedwa.

Yambani kutsika 4 koloko isanakwane, chifukwa m'miyezi yozizira mdima umagwa 6 koloko isanafike ndipo njira za m'nkhalango zimafanana. Zojambula za makala musaziunjike pamodzi. Ikani pepala losalemba pakati pa chilichonse, mangani ndi thabwa lija, ndipo mukafika kunyumba muziwaze mankhwala opopera tsitsi aja muli patali ngati mkono umodzi, kawiri mopepuka. Mukawaza pafupi, pepala limachita mathotho.