TS-480 yayankha: nkhani ya pini 7 ndi pini 8

Anzanga a 7Q (chiyambi cha ma callsign a ife a wailesi za amateur ku Malawi), ndi nonse amene mumawerenga zolemba zangazi, wailesi yanga ya Kenwood TS-480SAT ija tsopano ikulankhulana ndi laputopu. Batani la Test CAT (CAT ndi kulamulira wailesi kuchokera pa kompyuta) mu pulogalamu ya WSJT-X likubiriwira, ndikazunguza VFO yosinthira frequency manambala akusinthira limodzi pa sikirini, ndipo ndikasankha bandi ya 15m mu pulogalamu wailesi ikudumphira yokha pa 21.074 MHz. Chimene chandidyera masiku onsewa ndi mawaya awiri amene munalibe m'chingwe. Ndilemba mwatsatanetsatane chifukwa pali achimwene ena ku Chilomoni amene ali ndi TS-570, nawonso akufuna kuyamba FT8, mode yotumizirana mauthenga aafupi pa wailesi kudzera pa kompyuta, ndipo ma Kenwood awiriwa khalidwe lawo pa COM, polowetsera chingwe cha kompyuta, ndi limodzi.

Poyambira ndi apa. COM ya pa bokosi la TS-480 ndi DB9 yaimuna, pulagi ya mapini 9. Adaputala ya USB nayonso imathera pa DB9 yaimuna. Ndiye pakati pamafunika chingwe chokhala ndi mapulagi aakazi mbali zonse ziwiri, komanso cholunjika: 2 ku 2, 3 ku 3, 5 ku 5. Vuto ndi lakuti zingwe zambiri zaakazi mbali zonse zimene mungazipeze m'mabokosi a zinthu zakale ku Limbe kapena mumsika wa Ndirande ndi za null modem, zopingasa 2 ndi 3, chifukwa zinapangidwa kuti zilumikize makompyuta awiri. Kunja sizisiyana m'pang'ono pomwe. Wogulitsa sangadziwe, ndipo sindimuimba mlandu, iye amangoona pulagi ya mabowo 9. Palinso zingwe za ma UPS akale zimene zadzaza m'mabokosi omwewo. Zimenezo mkati mwake anaziluka mwa njira yawoyawo, musazigule n'komwe. Ndipo musaganize kuti lamulo la chingwe cholunjika ndi la mawailesi onse. Yaesu FT-847 imafuna chopingasa chomwecho chimene Kenwood ikukana.

Njira yachangu yodziwira ngati mwapingasa molakwika ndi mita. Pa RS-232, dongosolo limene COM imatsata, waya wotumiza ukakhala chete umakhala pa voteji ya negative, chifukwa 1 amaimiridwa ndi pakati pa -3 V ndi -15 V, pomwe 0 ndi pakati pa +3 V ndi +15 V. Yatsani wailesi, chingwe musanalowetse, ikani waya wakuda wa mita pa pini 5. Pa wailesi negative muyipeza pa pini 2, pa adaputala muyipeza pa pini 3. Ma negative awiriwa akakumana pa waya umodzi, ndiye kuti onse awiri akutumiza ndipo palibe akulandira. Mabowo a pulagi yaikazi ndi aang'ono, nsonga ya mita silowa, ine ndimalowetsamo mwendo wa resistor. Manambala a mapini analembedwa pa pulasitiki ya pulagi, timalemba ting'onoting'ono kwambiri. Awerengeni ndi tochi, chifukwa pa yaimuna mzere wapamwamba umayamba kumanzere pomwe pa yaikazi umayamba kumanja.

Zonsezi ndinali nditaziyeza. Chingwe chimene ndinapeza chinali cholunjika, 2, 3 ndi 5 zonse zikulira pa mita. Adaputala ndinayiyesa payokha: kulumikiza pini 2 ndi 3, kutsegula PuTTY (pulogalamu yolembera malamulo mwachindunji) pa COM yake, chilichonse cholemba chikubwerera. Liwiro pa menyu 56 linali 9600, mu pulogalamu 9600, data bits 8, stop bit 1, parity palibe. Ndinakumbukiranso kuti ukasintha menyu imeneyi uyenera kuzimitsa wailesi n'kuyatsanso, apo ayi liwiro latsopano siligwira, komanso kuti pa 4800 pokha Kenwood imafuna stop bits 2. Koma WSJT-X inkangobweza uthenga umodzi wa Hamlib, pulogalamu imene WSJT-X imalankhulira ndi wailesi, wakuti nthawi yodikira yankho yatha.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri ndi ichi. Mu PuTTY, flow control nditaika None, ndikatumiza FA00014074000; (malamulo a Kenwood amathera ndi ;) wailesi inkapita pa 14.074 MHz pompopompo. Ndikatumiza FA00007074000; inkatsikira pa 40m, ma relay n'kulira. Ndiye kuti liwiro lili bwino, adaputala ili bwino, wailesi ikumva. Koma ndikafunsa FA; kuti indiuze pamene ili, zii. Ndikafunsa ID; amene TS-480 imayenera kuyankha ID020; ziinso. Flow control ndikaika RTS/CTS ndiye ngakhale kusintha frequency kuja kunkaleka. Maganizo anga anathamangira ku chip ya RS-232 ya mkati mwa wailesi, kuti mwina mbali yotumiza inapsa ndi mphezi kwa mwini wake woyamba, poti ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito. Usiku wina ndinafika pomasula zomangira za chivundikiro, ndikuwerengera kuti chip yotere ndidzaitanitsa bwanji kuchokera ku Johannesburg. Chinandiletsa ndi mita yomwe ija: pini 2 ya wailesi inali pa negative bwinobwino, ndipo chip yopsa nthawi zambiri sisunga voteji yotero.

Yankho lili mu tebulo la mapini m'buku la wailesi. Kenwood zimenezi zimagwiritsa ntchito hardware handshaking, kupatsana chilolezo chotumiza kudzera pa mawaya apadera. Wailesi imayang'ana pini 7, RTS yochokera ku kompyuta, ndipo ngati pamenepo palibe positive siitumiza kalikonse. Ili ngati mkamwini pa bwalo la amfumu: zonse akumva, akatumidwa apita, koma sayankhula asanapatsidwe mpata. Pini 8, CTS, ndi mbali inayo, pamene wailesi imauzira kompyuta kuti tumiza ndakonzeka. Nditayeza 7 ku 7 ndi 8 ku 8 pa chingwe changa, mita sinalire. Ndinang'amba pulagi imodzi ndi mpeni, mkati munali mawaya atatu basi ndi chikopa chonenepa cha pulasitiki. Apa zonse zinagwirizana. Pa None kompyuta inkatumiza osafunsa chilolezo, wailesi n'kumvera, koma yankho n'kulisunga poti pini 7 inali lende. Pa RTS/CTS kompyuta nayo inkadikira pini 8 imene sinkafika, ndiye onse awiri anangokhala duu. Hamlib ikamatsegula wailesi imayamba ndi kufunsa mafunso, choncho imagwa pa khomo pomwe isanayese n'komwe kusintha frequency.

Pali njira yachidule imene ambiri amachita: kulumikiza pini 7 ndi 8 mkati mwa pulagi ya mbali ya wailesi, kuti wailesi izidzipatsa yokha chilolezo, kenako mu pulogalamu kuika Handshake pa None. Ndinayesa ndi kawaya kakafupi ndipo ID020; anatulukira pa sikirini nthawi yomweyo. Mtima unagunda, sindibisa. Njirayi imagwira, ndipo ngati muli kutali ndi tauni ndipo chingwe chimene muli nacho ndi chokhacho, chitani zimenezo. Koma ine sindinafune kusiya choncho. Anthu amene anapanga wailesiyi anaika handshaking kuti kompyuta isakhuthule malamulo wailesi ili yotanganidwa, ndipo ndikufuna kudzakweza liwiro mpaka 57600 kapena 115200 pamene logger (pulogalamu yosunga mndandanda wa amene ndalankhula nawo) ndi WSJT-X zizidzafunsa limodzi. Mawaya awiri owonjezera si ndalama.

Ndiye ndinaluka changa. Mapulagi awiri aakazi owotcherera ndinawapeza kwa mdala wina wokonza ma TV ndi ma amplifier ku Ndirande, amene ndimapitako kawirikawiri. Bambo amenewa satayako kanthu. Ali ndi zitini za mkaka zodzaza ma connector ochotsa pa ma board akale, ndipo ukawafotokozera chimene ukupanga amayamba akufunsa mafunso asanakupatse, nthawi zina n'kukuuza kuti chimene ukufunacho si chimene ukusowa. Ma transformer a 600 ohm amene ali mu interface yanga ya mawu, kabokosi kodutsitsa mawu pakati pa wailesi ndi kompyuta, anachokera kwa iwo, tinawazula pa ma modem a telefoni akale. Waya ndinadula pa chingwe cha printer chakale chokhala ndi shield, ndinasankhamo mitundu isanu: 2, 3, 5, 7, 8, shield n'kuiwotcherera ku chitsulo cha pulagi. Kutalika kwake sikupitirira mita imodzi ndi theka. Powotcherera DB9 musachedwetse chowotcherera pa pini, pulasitiki imafewa ndipo pini imapendama. Ndimayamba ndalowetsa pulagi yaimuna yakufa kutsogolo kuti igwire mapini ndi kumwa kutentha.

Poti ndatchula interface ya mawu, amene mukuipanga kumene chenjerani ndi msampha wofanana ndi womwewu. Soketi ya DATA ya TS-480 ndi mini-DIN ya mapini 6, yofanana ndendende ndi pulagi ya mbewa kapena kiyibodi ya PS/2, ndipo zimenezo zili mbwee m'misika. Koma zingwe zambiri za PS/2 zili ndi mawaya anayi okha, pini 2 ndi 6 mulibe, pomwe pa wailesi pini 2 ndiye ground. Mawu olowa ali pa pini 1, otuluka pa pini 5. Chaka chatha ndinachita kufufuza mulu wonse wa zingwe ndi mita m'manja kuti ndipeze chimodzi chokhala ndi mawaya onse asanu ndi limodzi.

Mu WSJT-X pano zili motere. Rig ndi Kenwood TS-480, 9600, Eight, One, Handshake pa Hardware. PTT, yoyatsira kutumiza (TX), ndaika pa CAT. Musasankhe RTS pa COM yomweyo, chifukwa waya umenewo uli kale pa ntchito ya handshaking. Transmit Audio Source ikhale Rear/Data. Mukasiya pa Front/Mic wailesi iyatsa TX koma mawu izitenga pa maikolofoni, mphamvu osatuluka, inu n'kumakweza menyu 46, ya mlingo wa mawu olowa pa DATA, pachabe. Mode ndaika USB, Split pa Fake It. Grid ya kuno ku Blantyre, chizindikiro cha malo pa mapu, ndi KH74.

Madzulo a tsiku lomwelo 15m inali yotseguka ku Ulaya. Ndinaitana CQ, kuitana aliyense womva, ndi 25 W pa antena ya dipole imene ili pakati pa mtengo wa mapeyala ndi mlongoti wa paipi, ndipo sipanathe nthawi waterfall, chithunzi cha ma signal pa sikirini, inadzaza ndi ondiitana. 7Q anthu amaifuna, ndife ochepa pa mphepo. Ma station a ku Italy, Germany ndi Poland anali ambiri, ndipo pa webusaiti ya PSK Reporter ndinaona kuti ndamveka mpaka ku Japan. Ndimadziwa kuti pali akuluakulu ena a CW (Morse) amene amati FT8 si wailesi, ndi makompyuta akupatsana moni. Ndimawalemekeza, koma munthu wokhala pa puloti yaing'ono mu Blantyre, wozunguliridwa ndi phokoso la ma inverter ndi ma charger a anansi, mode imene imatola signal pafupifupi 20 dB pansi pa phokoso ndi imene imamutsegulira khomo. Joe Taylor, K1JT, yemwe analandira Nobel ya physics mu 1993, ndi Steve Franke, K9AN, anatulutsa FT8 mu 2017, ndipo kwa ife a mawaya m'mitengo inasintha zinthu.

Sikuti zonse zatha. Pa 40m ndikapitirira 30 W, adaputala ya USB imasowa mu Device Manager pakati pa TX, Windows n'kulira kabelu kake kochotsa chipangizo. Choopsa n'chakuti PTT ili pa CAT, ndiye lamulo lakuti RX; (bwerera pa kumvera) silifika ndipo wailesi imatsalira pa TX mpaka nditaizimitsa ndi dzanja. Pakali pano ndayatsa time-out timer ya wailesi kuti izidzidula yokha. Ndi RF, mphamvu yotumizidwa ndi wailesi, imene ikubwerera pa shield ya coax, sindikukayika, chifukwa dipole ija ilibe choke yotchinga RF pamene coax imalumikizana ndi antena, ndipo pa 15m ndi 20m vutoli kulibe. Timaferrite ta pa zingwe za monitor ndatikoleka tambiri pa chingwe cha USB, kusintha kwake n'kochepa. Pa 7 MHz pamafunika toroid yaikulu (mphete ya ferrite) ya mix 31, FT240-31, chingwe n'kuchizunguliza kangapo. Mu tauni muno sindinaipeze. Ndikudikira mlamu wanga amene amayenda ulendo wa ku Johannesburg, ndamupempha ziwiri, ina ya coax ina ya USB.

Palinso nkhani ya wotchi. FT8 imayenda m'magawo a masekondi 15, ndipo wotchi ya laputopu ikaphonya ndi masekondi awiri ma decode amayamba kusowa. Bandulo ya intaneti ikatha kapena netiweki ikagwa magetsi atazima, laputopu yanga yakaleyi imataya nthawi msanga. Wailesi imapitirira pa batire, koma nthawi ndiye imathawa. M'kabati muli GPS ya NEO-6M imene imatulutsa NMEA pa 9600, koma iyo ndi ya TTL, siingalowe pa DB9 mwachindunji. Pafunika MAX3232 pakati kapena adaputala ya CP2102. Ndi COM yachiwiri imeneyo, ndi chingwe chinanso choti RF ilowemo.

Mvula isanayambe mu Novembala ndikufuna zonsezi zisamukire pa Raspberry Pi yokhala pafupi ndi wailesi, rigctld (pulogalamu ya Hamlib yolamulira wailesi pa netiweki) ikuyenda ndi model 2028 pa port 4532, ine ndizilamulira ndili pa khonde kudzera pa Wi-Fi, kuti pasakhalenso waya wa mkuwa wochoka pa wailesi kufika pa laputopu nthawi ya ziphaliwali. Zikatheka zimenezo, mbale ya satellite imene ili kuseri kwa nyumba ndiyiloza ku 25.9°E ndiyambe kumvera QO-100, satellite ya ma amateur, pa 10 GHz ndi LNB wamba ndi SDR (cholandirira cha pa kompyuta). Za kutumiza pa 2.4 GHz ndiyamba ndafunsa ku MACRA ngati laisensi yanga ikundilola, ndipo transverter yake, yosinthira frequency, TS-480 yomweyi ikhoza kuiyendetsa kuchokera pa 28 MHz. Amene muli ndi FT240-31 yongokhala, ngakhale ya mix 43, ndibwerekeni ndiyesere pa 40m kufikira zanga zitafika.