Funso la amalume pakhonde

Lachinayi usiku. Ndabwerako ku Makawa kutada kale, ndipo nsima imene anandisungira ili chikhalire m'mbale. Ndinangopita kukatula mankhwala a BP a amalume monga ndimachitira mwezi ndi mwezi, koma ndakhala pakhonde paja maola atatu.

Chayambitsa zonsezi ndi uthenga wa mawu umene msuweni wanga wa ku Johannesburg anaponya pa gulu la banja la WhatsApp dzana. Akuti mnzake wa kuntchito anagwa akukweza makatoni, pakamwa patapotokera mbali imodzi, mawu osatuluka. Ambulansi inamutenga, ndipo asanathe maola atatu madokotala anali atachotsa magazi oundana mu ubongo mwake osang'amba mutu. Anangoboola pang'ono m'mphechepeche. Sabata isanathe munthuyo anali akuyenda yekha. Msuweni wanga anasimba mokondwa, kuiwala kuti foni ya azakhali imalira mokweza ndipo atate ake amamva chilichonse.

Amalume anagwa ndi sitiroko mu June chaka chatha, mwera uli pachimake. Munthu amene anakoka chilimira zaka zoposa 30 lero amakhala pa mpando wa nsungwi, dzanja lamanja lili pantchafu ngati la munthu wina. Akafuna kulisuntha amalinyamula ndi lamanzere. Mawu anabwerera, koma amatuluka limodzilimodzi, ndipo ukafulumira kuwamalizira amakwiya.

Nditangoika mankhwala pathebulo anati, "Mphwanga, iwe ndiwe mphunzitsi. Zimene akunena m'bale wakoyu n'zoona?"

Ndinati n'zoona amalume. Anati ndiwafotokozere.

Ndinatola kamtengo n'kuyamba kujambula pamchenga kutsogolo kwa khonde. Ndinawauza kuti mitsempha ya magazi yonse ndi yolumikizana, monga munthu angachokere pa Malombe, kukwera Shire, mpaka kulowa m'nyanja osatsika m'bwato. Dokotala amaboola mtsempha wa m'mphechepeche, pena wa pamkono pomwe timavala wotchi, n'kulowetsa kapaipi kofewa. Kapaipiko amakakankha pang'onopang'ono kudzera mu mtsempha waukulu wa m'mimba ndi pachifuwa, kukhota pamwamba pa mtima, kukwera m'khosi, mpaka m'kati mwa chigaza. Njira yonseyo akuiona pa makina a X-ray, chifukwa amathira mankhwala amadzi amene amachititsa kuti mitsempha ionekere ngati mizu ya mtengo. Ndinawauzanso kuti woyamba kujambula mitsempha ya ubongo mwa njira imeneyi anali dokotala wa Chipwitikizi, Egas Moniz, mu 1927. Amalume anamwetulira ndi mbali imodzi ija, amvekere, "Apwitikizi omwewa anali pa Mandimba apa?"

Dokotala akafika pamene patsekeka, amadutsitsa kapaipi kena kowonda kuposa kamtengo ka machesi, n'kutsegula kaukonde ka waya m'kati mwenimweni mwa magazi oundanawo. Amadikira mphindi zochepa kuti akodwe, kenako n'kukoka. Ena amangowayamwa ndi kapaipi. Magazi n'kuyambanso kuyenda.

Amalume anayang'ana chojambula changa nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye kuti n'kuwedza basi."

"Eya amalume, n'kuwedza."

Anakhala chete. Azakhali anali akusankha mpunga m'lichero pakona, ndipo ndinamva kuti manja awo aima.

"Ine akanandiwedza?"

Apa mpomwe lilime langa linalemera. Ndinayamba ndi zimene zinali zosavuta kunena. Sitiroko ili mitundu iwiri: pena mtsempha umatsekeka, pena umaphulika, ndipo kunja kwake zizindikiro zimafanana. N'chifukwa chake pamafunika kaye sikani ya CT, yojambula m'kati mwa mutu, pakuti mankhwala osungunula magazi ukapatsa munthu amene mtsempha waphulika umamupha. Kuwedza kuja kumathandiza pamene watsekeka ndi mtsempha waukulu. Ndipo si njira yakalekale ayi. Inavomerezeka mokwanira mu 2015, kafukufuku wa ku Netherlands wotchedwa MR CLEAN, wa odwala 500, ndi ena anayi a chaka chomwecho ataonetsa kuti odzatha kudzisamalira okha amachuluka pakati pa othandizidwa motere kusiyana ndi osathandizidwa motere. Koma zonse zimalira nthawi. Mankhwala osungunula aja amaperekedwa asanathe maola anayi ndi theka. Kuwedza kumafuna maola asanu ndi limodzi oyambirira, ngakhale kuti kuyambira 2018 ena osankhidwa bwino ndi sikani amathandizidwa mpaka maola 24. Akatswiri anawerengera kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse.

Chiwerengero chimenechi ndimachinena m'kalasi popanda kumva kanthu. Lero ndinachinena pamaso pa munthu amene maselo akewo anali ake, ndipo ndinalakalaka ndikanachimeza.

Chimene sindinanene n'chakuti maola aja ndakhala ndikuwawerenga ndekha kwa chaka chathunthu. Amalume anagwa cha m'ma 4 koloko m'mawa akukonzekera kupita kudooko. Azakhali anandiimbira ine, chifukwa ndine wasukulu. Ndili m'tulo ndinati, "Agonekeni kaye, mwina ndi kutopa kapena malungo, kukacha tiona." Anawagoneka. Anawasisita mwendo ndi mafuta. Anawamwetsa phala, lomwe linawatsamwa, pakuti sitiroko imafooketsanso kumeza ndipo munthu wotere sapatsidwa chakudya kapena madzi asanaonedwe. Galimoto tinaipeza dzuwa litakwera. Pamene tinkalowa pachipata cha chipatala inali 11 koloko, maola asanu ndi awiri atapita.

Ndikudziwa bwino zimene wina angandiuze, ndipo mkazi wanga wandiuza kale usiku uno. M'boma lathu lino makina owedzera aja mulibe. Blantyre ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 190, kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba, ndipo ngakhale tikanadzuka nthawi yomweyo sizikanakhala ngati za ku Johannesburg. N'zoona. Koma mtima sukumva zimenezo. Ine ndinali kudziwa kuti nkhope kupotoka, dzanja kufooka ndi mawu kusokonekera ndi sitiroko. Ndinangosowa kufunsa mafunso atatu pa foni paja. M'malo mwake ndinati kukacha tiona.

Azakhali ndi amene anatilanditsa pa chete uja, ngakhale anatitengera ku maliro ena. Anakumbutsa za mng'ono wawo wa ku Namwera amene anamwalira zaka zapitazo. Akuti anali akutsuka mbale, anangogwira mutu n'kukuwa kuti wina wamumenya ndi chibonga kunkhongo, kenako kusanza, khosi kuuma. Patapita masiku ochepa anapita. Pamudzi mpaka lero pali mabanja awiri osapatsana moni chifukwa cha imfa imeneyo. Ndinawauza kuti mutu wobwera mwadzidzidzi chotero nthawi zambiri umakhala chotupa cha mtsempha chimene chaphulika, monga chubu cha njinga ya kabaza chimafufumira pamalo pofooka mpaka kuphulika. Kale njira inali kutsegula chigaza n'kupana khosi la chotupacho ndi kachitsulo, monga anayambira dokotala wa ku America, Walter Dandy, mu 1937. Cha mu 1990 dokotala wa ku Italy, Guido Guglielmi, akugwira ntchito ku Los Angeles, anabwera ndi tiwaya tofewa ta platinum timene amatilowetsa ndi kapaipi komwe kaja n'kutipiringiza m'kati mwa chotupacho mpaka chitadzaza, magazi n'kuundana momwemo, osatulukanso. Kafukufuku wa odwala 2,143 amene anatuluka mu 2002 anapeza kuti patatha chaka, omwalira kapena odalira ena anali ochepa pakati pa oikidwa tiwaya kusiyana ndi otsegulidwa chigaza.

Azakhali anangoti, "Ndiye kuti panalibe munthu?" Ndinati panalibe munthu, azakhali. Anapitiriza kusankha mpunga. Sindikukhulupirira kuti andimvera, koma sanatsutse.

Mwina ndinalankhula kwambiri lero. Pali chizolowezi chimene tili nacho aphunzitsi, choti funso likatiwawa timaliyankha ndi phunziro lalitali. Pobwerera mu minibasi ndinkadzifunsa ngati ndawachitira chifundo amalume kapena nkhanza. Munthu anali atavomereza kuti ndi zimene Mulungu analemba, ine n'kumuonetsa pamchenga khomo limene linalipo koma iye sanalipeze. Komabe anandifunsa ngati mwamuna wamkulu, ndipo bodza akanalizindikira.

Chimodzi chokha chimene chinawawalitsa nkhope ndi pamene ndinawauza kuti si zonse zili kutali. Ana obadwa ndi madzi m'mutu, aja mutu umangokula, ku Queens ku Blantyre ena amathandizidwa ndi kakamera kolowetsa pa kabowo kakang'ono, dokotala n'kuboola njira yoti madziwo azidutsa okha m'kati mwa ubongo popanda kuika paipi yokhalitsa m'thupi. Njira imeneyi inakula kwambiri ku Mbale, ku Uganda, kumene dokotala wa ku America, Benjamin Warf, anaigwiritsa ntchito pa makanda ambirimbiri. Amalume anati, "Ndiye zikubwera." Ndinati zikubwera. Anati, "Zidzapeza ife titapita, koma zidzapeza ana."

Nditatsanzika anandiitananso. Ndinaganiza kuti abwereza funso lija, ndipo ndinali nditakonzeka kuwauza za foni ya 4 koloko ija, zivute zitani. Koma anati Loweruka ndibwere ndi makina anga oyezera BP, tipite kudooko m'mawa mabwato akamakocheza. Akuti anzawo onse aja amadya mchere ngati mbuzi, ena amasuta, ndipo palibe anayezetsapo. Iwo adzakhala pampando, ine ndizidzayeza. "Akandiona ine adzapereka mikono," anatero.

Ndavomera. Mabatire a makinawo atha, ndiyenera kugula mawa pamsika ndisanapite kusukulu.

Za foni ija sindinawauzebe. Azakhali akudziwa, pakuti ndi iwo anaimba, ndipo chaka chonsechi sanazitchulepo ngakhale kamodzi. Pondiperekeza kumsewu anandinyamulira usipa wouma m'jumbo monga mwa masiku onse. Msuweni wanga wandilembera posachedwapa kufunsa ngati madala anamva uthenga wake uja. Ndawerenga, koma sindinamuyankhe.