Sabata ya klorini ndi zimbudzi kugombe la Nkhotakota

Mitambo ikayamba kusonkhana mu Novembala, ife ogwira ntchito yofalitsa mauthenga a zaumoyo mtima sukhala m'malo. Tikukumbukirabe kolera yomwe inayambira ku Machinga mu Marichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana ndi Gombe, n'kufalikira m'maboma onse mpaka kupha anthu opitirira 1,700. Maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo kwathu kuno ku Nkhotakota, anaona zakuda. N'chifukwa chake sabata yathayi ndinaithera kugombe, mvula isanagwe.

Lolemba linapita ndi kudikira mafuta a njinga yamoto. Podikirapo ndinatenga chithunzi chatsopano chomwe tikufuna kusindikiza n'kuonetsa amayi atatu ogulitsa mandasi panja. Wojambula anakuza ntchentche kuti ioneke bwino pambale ya nsima. Mayi mmodzi anati, "Zoterezi kwathu kulibe, zathu n'zing'onozing'ono." Chithunzicho ndachibweza kuti akachikonze.

Lachiwiri ndinafika pagombe lina chakufupi ndi Chia, komwe mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anali atamema kale anthu kudzera mwa amfumu. Msonkhano tinauika 9 koloko m'mawa pansi pa mtengo wa mango. Kunabwera amayi, agogo ndi ana. Asodzi, omwe ndinkawafuna kwambiri, anali mtulo, poti anachezera panyanja usiku wonse.

Ndinayamba ndi mafunso monga mwa nthawi zonse. Kolera imabwera bwanji? Mayankho anangogwa ngati mvula: madzi oipa, kusasamba m'manja, kuchita chimbudzi patchire. Munthu akayamba kutsekula m'mimba? Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa ali paulendo wa kuchipatala. Palibe analakwitsa. Uthenga wa Tithetse Kolera, kampeni yomwe boma linakhazikitsa mu Febuluwale 2023, unalowa ndithu m'makutu mwa anthu.

Kenako gogo wina anakweza ndodo yake.

"Mwanawe, zimenezo tinaloweza kale. Koma madzi anu a mankhwalawo akununkha chipatala. Adzukulu anga akukana kumwa, akumathawira kunyanja."

Ndinapempha kuti tikaone kunyumba kwawo. Botolo la klorini lomwe mlangizi anawapatsa linali pakona, pafupi ndi mtondo, litatsala pang'ono kutha ngakhale analandira masiku anayi okha apitawo. Nditawapempha kuti andionetse momwe amathirira, agogowo anangopendeketsa botolo pamwamba pa ndowa, khuthu! Kachivindikiro koyezera kanasowa tsiku loyamba lomwe, ana anakatenga kukaseweretsa. Iwo anaganiza kuti kuchulukitsa ndiye kuteteza bwino banja. Ndowayo inalibe chovindikira, ndipo kapu imodzi yomweyo ndi yomwe aliyense ankatungira n'kumwera.

Tinakhala pamphasa ine, mlangizi, agogo ndi mpongozi wawo. Tinatunga ndowa ina, mlangizi anayeza mlingo woyenera, tinavindikira ndi mbale yaikulu n'kudikira mphindi 30 tikucheza za mitengo ya usipa. Kenako ndinamwa ine poyamba. Agogo analawa, n'kukhala chete pang'ono.

"Awa ndiye amweka," anatero.

Tinamangirira kapu yotungira pachogwirira cha ndowa ndi kachingwe, yomwera ikhale ina. Pa zonse zomwe ndinachita sabata imeneyi, ola limenelo ndi lomwe ndikulikhulupirira kwambiri. Tikanangowerenga manja okwezedwa pansi pa mango paja, tikanalemba kuti mudziwo wamva, pomwe ana akumwa madzi a m'mbali mwa nyanja chifukwa cha kachivindikiro kosowa.

Lachitatu kunali pulogalamu ya pawailesi ya m'dera, yoimba foni. Bambo wina anafunsa mosabisa ngati n'zoona kuti klorini ndi katemera wa kolera zimachepetsa mphamvu za abambo m'nyumba. Ena amakwiya ndi mafunso otere, koma ine ndimathokoza, chifukwa munthu mmodzi akafunsa poyera ndiye kuti ambiri akhala akunong'onezana. Ndinamuyankha kuti si zoona, kuti madzi a m'mipope ya m'matauni amathiridwanso klorini ndipo anthu akumwa zaka ndi zaka akubereka ana, komanso kuti katemera wa kolera ndi wakumwa, ntchito yake n'kuthandiza thupi kulimbana ndi tizilombo ta matendawa basi.

Lachinayi ndinagona kwa mlangizi kuti ndidzuke tambala woyamba. Pofika pagombe kunja kusanayere, nyali za asodzi zinali zikuyandikira kumtunda. Mabwato akukwezedwa pamchenga, amayi ali ndi mabeseni kulimbirana usipa, ena ayamba kale kuyanika pamathandala. Sindinaitanitse msonkhano. Ndinadikira kuti malonda athe, kenako ndinakhala pamphepete pa bwato pomwe alovi, asodzi ogwira ntchito m'mabwato, ankawotcha nsomba zawo za kadzutsa.

Nditatchula za chimbudzi, mnyamata wina anaseka.

"Achimwene, tayang'anani pomwe mwapondapo. Mchenga wokhawokha. Mukakumba lero, mvula yoyamba chagwa. Chaka chatha china chinatitimira usiku, mwamwayi munalibe munthu."

Mnzake anawonjeza kuti ambiri mwa iwo ndi alendo, amatsata nsomba. Mwezi uno ali kuno, mwezi wamawa ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay. Ndani angawononge ndalama kumanga pamalo a eni? Ndipo usiku ali pakati pa nyanja, ludzu likawagwira amangotunga pomwepo. Wina anafunsa funso lomwe ndimalimva pagombe lililonse: nyanja yaikulu chonchi ingade ndi chimbudzi cha munthu mmodzi?

Apa ndinafotokoza pang'onopang'ono. Vuto silili pakati pa nyanja, lili m'mphepete muno momwe madzi ndi osaya, momwe amayi amatsukira mbale, ana amasambira, ena amatunga akumwa. Ndiponso anthu ambiri omwe ali ndi tizilombo ta kolera sadwala n'komwe. Amayenda bwinobwino, kukoka chilimira, koma chimbudzi chawo chili ndi tizilombo. Yemwe wamwa madziwo akhoza kuyamba kutsekula pakangopita maola ochepa kapena masiku osapitirira asanu, ndipo wamkulu wamphamvu atha kufa tsiku lomwelo chifukwa chotha madzi m'thupi. Mfundo yoti munthu wooneka wathanzi angapatsire ena inawakhudza kuposa china chilichonse. Phokoso linatha.

Nzeru ya dzenje sinachokere kwa ine. Bambo wina wachikulire, mwini mabwato awiri, anati kwawo amaluka nsungwi ngati nkhokwe n'kuilowetsa m'dzenje kuti mchenga usagumuke, ena amagwiritsa ntchito migolo yakale yoboola. Wapampando wa komiti ya pagombe anavomera kuti ayese zimbudzi ziwiri chakumtunda, kutali ndi madzi, ndi mpondagiya (kachigubu kosambira m'manja koponda ndi phazi) pambali pake, ndipo ndalama za nsungwi zichokere pa zomwe eni mabwato amasonkha. Anagwirizananso kuti bwato lililonse lizinyamuka ndi chigubu cha madzi othira klorini. Ngati azichitadi, tidzaona ndi maso.

Lachisanu, mapemphero a masana atatha, tinakhala pansi ndi ashehe awiri, ndipo madzulo ndi abusa. Nkhani inali ya maliro. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhala ndi tizilombo tambiri, choncho kulisambitsa ndi manja, kenako n'kukadya nsima pasiwa mutasamba m'beseni limodzi, n'koopsa. Koma kusambitsa maliro ndi ulemu womaliza, sungangouza anthu kuti lekani. Shehe wamkulu anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, zimenezi muzitiuza lero, kulibe maliro. Tsiku la misozi palibe angakumvereni." Tinagwirizana kuti zikachitika, azaumoyo ndiwo azikonza thupi ndi klorini, achibale ochepa ali pomwepo atavala zodzitetezera, mapemphero achitike monga mwa chipembedzo, ndipo pasiwa azithirirana madzi posamba m'manja.

Usiku ndinakhala ndi fomu ya lipoti. Imafunsa chiwerengero cha anthu omwe afikiridwa ndi uthenga, amuna angati, akazi angati, mapepala angati agawidwa. Malo olembapo za kachivindikiro kosowa kapena mchenga wogumuka palibe. Ndinadzaza manambalawo, kenako kuseri kwa pepala ndinalemba zopempha zitatu: zoyezera klorini zizibwera zomangirira kubotolo, misonkhano ya asodzi izichitika m'bandakucha, ndipo mafuta a Lachinayi likudzali apezeke msanga, chifukwa wapampando uja wati nsungwi zikhala zitafika ndipo akufuna ndikaone dzenje loyamba asanaliphimbe.