Sindine Ndinasokoneza Caucus ya ku Iowa

Popeza anzanga ayambanso kufalitsa zoti ndine ndinasokoneza chisankho cha ku Iowa, chigawo china cha dziko la America, m'chaka cha 2020, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, nkhaniyi isanathiridwenso mchere wina. Ndinene poyambirira kuti ine sindinavote, pakuti sindine nzika ya dziko la America. Ndinangotchula nambala imodzi basi.

Usiku wa pa 3 February, bambo wina wachikulire woyandikana naye nyumba ku Des Moines ananditenga kuti ndikaonerere caucus ya chipani cha Democratic m'holo ya masewera ya sukulu ina. Pa caucus ya chipanichi nthawi imeneyo sankalowa m'kachipinda n'kuchonga pepala mobisa. Anthu a dera limodzi, lomwe amalitcha precinct, ankasonkhana 7 koloko madzulo, ndipo aliyense ankakaima pakona ya munthu amene akufuna kuti aimire chipani pa mpando wa pulezidenti, monga momwe anthu amafolera kumbuyo kwa wopikisana pa zisankho zachipulula kwathu. Gulu limene lalephera kukwanitsa anthu 15 pa 100 alionse a m'holomo ankati si viable, ndipo anthu ake ankasamukira kwina pa gawo lotchedwa realignment. Pakhomo anandimata pachifuwa kapepala kolembedwa kuti observer, kutanthauza woonerera chabe, n'kundilozera mabenchi a alendo.

Mabenchiwo anali pafupi ndi chitseko, ndipo amene anakhalako ku Iowa mu February akuidziwa mphepo yake, yomwe imalowa m'mafupa osaodira. Ndinadzikulunga sikafu mpaka kuphimba kapepala kaja, kenako ndinasunthira kukona kumene kunkadutsa paipi yotenthetsera holoyo. Palibe amene anandiuza kuti kona yomweyo ndi ya gulu la wopikisana wina, amene sindimutchula pomusungira ulemu.

M'holomo munali anthu 150, kotero gulu lililonse linkafunika anthu 23. Mtsogoleri wa gululo, amene amamutcha precinct captain, anali mayi wamphamvu zake, ndipo analamula kuti onse akweze manja, aliyense azitchula nambala yotsatira n'kutsitsa dzanja. Langa linali kale m'mwamba, litagwira paipi yofunda ija. Nambala zinayenda bwino mpaka mnyamata wa pafupi nane anati 22, ndiye holo yonse inangoti zii. Mayi uja anandiyang'ana ndi maso opempha, gulu lonse linatembenuka, ndipo ine ndinaleredwa kuti wamkulu akakuyang'ana kudikira yankho, suyenera kumuchititsa manyazi pagulu. Komanso aphunzitsi anga a Sitandade 1 sanavutike pachabe. Ndinatsitsa dzanja mwaulemu n'kunena momveka bwino kuti 23.

Phokoso limene linabuka sindinalimvepo ngakhale pa chigoli cha mpira. Anthu ankakuwa kuti viable, viable, kwinaku akudumpha. Mayi uja anandikumbatira mpaka nthiti zinalira, wina anandibaya baji pajekete, wina anandipatsa bisiketi yophika yekha, ndipo agogo ena anandigwira dzanja misozi ili chuchuchu, akundithokoza chifukwa chopulumutsa demokalase. Ndinayankha kuti zikomo, chifukwa kukana kuyamikiridwa n'kudzikweza. Kwa mphindi zingapo ndinali munthu wofunika kwambiri pa ndale za America, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina ku Washington akundidikira.

Tsoka lake, chaka chimenecho aliyense wovota ankayenera kusaina khadi lake. Atawerenga anapeza makhadi 22 koma mitu 23, ndipo anabwereza kuwerenga ngati ndalama zasowa m'thumba la mpingo. Apa paipi ija inandipereka. Thukuta linayamba kuyenderera, ndinamasula sikafu, ndipo mawu akuti observer anaonekera poyera, zilembo zikuluzikulu. Mayi uja sananene kanthu. Anangochotsa baji ija pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso, pamene atsogoleri a magulu ena ankathamangira kudzanyengerera anthu ake 22 aja.

Zimene anzanga amazikuza ndi zotsatirazi. Usiku umenewo zotsatira za Iowa sizinatuluke, zinatenga masiku, ndipo opikisana awiri, Pete Buttigieg ndi Bernie Sanders, anatsala pang'ono kufanana mphamvu. Pofika 2024 chipanicho chinalanda Iowa mwayi woyamba kusankha, umene inali nawo kuyambira 1972, n'kuupereka ku South Carolina. Zonsezi akuti ndi ine. Koma dziko lonse likudziwa kuti chimene chinavuta ndi pulogalamu ya pafoni yotumizira zotsatira kuchokera m'ma precinct oposa 1,600, ndipo 23 wanga anafufutidwa asanafike pafoni ya munthu aliyense.

Bambo uja sanandilankhule njira yonse pobwerera, ndipo bisiketi ija sanandilande, ngakhale kuti inali youma ndithu.