Mjigo ukafa, akonze ndani?

Pa Facebook pano zithunzi za mabungwe akupereka mijigo kumidzi ndi zosasowa. Amfumu avala mkanjo wawo, azimayi akuthira nthungululu, bwana wa bungwe akupopa madzi oyamba uku akumwetulira. Ine zimandisangalatsa zenizeni, chifukwa amene anakulira kumudzi akudziwa kuti kudzuka m'mbandakucha ndi ndowa kupita kudambo, kukadikira kuti madzi abwerere pa kachitsime kamene ng'ombe nazo zimamwapo, si moyo woti munthu azikhala nawo mu 2020 ndi chakuti muno. Komatu chimene chimandivuta ndi choti nkhani yathu imathera pa tsiku la mwambolo, pomwe ntchito yeniyeni ya mjigo imayamba galimoto za alendo zikangonyamuka.

Mijigo yambiri imene mumaiona kuno kwathu ndi ya mtundu wa Afridev. Pampu imeneyi mbiri yake ikukhudzanso Malawi, poti inachokera ku pampu ina yotchedwa Maldev imene inkayesedwa konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kenako n'kukaikonza bwino ku Kenya. Cholinga cha amene anaipanga chinali choti anthu a pamudzi azitha kuikonza okha ndi zida zochepa basi, osachita kudikira munthu wochokera kuboma. Ndipo n'zoona, zimene zimafa kawirikawiri ndi tinthu ting'onoting'ono, timarabala tam'kati muja monga U-seal ndi bobini, ndi mabushi a pa chogwirira. Tinthu totchipa. Koma pitani m'midzi muone mijigo imene yaima miyezi ndi miyezi, udzu unamera pa simenti, chifukwa cha karabala koti mtengo wake sufika ngakhale pa nkhuku imodzi.

Vuto si rabala ayi, vuto ndi ndalama ya komiti ndi kukhulupirirana. Bungwe likamachoka limasiya komiti ya mjigo, nthawi zambiri anthu khumi, azimayi ochulukirapo, aphunzitsidwa masiku angapo, ndipo mudzi wagwirizana kuti khomo lililonse lizisonkha kangachepe pamwezi. Miyezi yoyamba zimayenda. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili mbee, munthu akuyendera ganyu kuti apeze ufa wa tsikulo, ndani angamuuze za ndalama ya mjigo woti ukutulutsa madzi bwinobwino? Ndiye pali zina zija zoti msungichuma wabwereka ndalama ya komiti pa maliro, mwina ndi mtima wabwino ndithu, sanabweze, anthu amva, basi aliyense wagwira thumba lake. Tsiku limene mjigo wafa m'bokosi mulibe kanthu ndipo azimayi abwerera kumtsinje.

Ndipo kubwerera kumtsinjeko ndi nkhani ya imfa. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700, yoopsa kuposa ina iliyonse imene tinaionapo. Ili mkati choncho namondwe Freddy anabwera mu Malichi 2023 n'kukokolola zimbudzi, zitsime ndi mapaipi kuchigawo cha kummwera. Alangizi a zaumoyo anayesetsa kugawa kolorini khomo ndi khomo, koma kolorini ndi wongothandizira, anthu amafunika madzi abwino pafupi tsiku lililonse.

Pali zinanso zolakwika zimene zimachitika mjigo usanayambe n'komwe. Kukumba nthawi ya dzinja, madzi ali pamwamba, kontilakitala wapeza madzi msanga n'kuleka pompo poti amalipidwa akapeza madzi, ikafika Okutobala mjigo ukungotulutsa mpweya. Kapena kuika mjigo pakhomo pa munthu wotchuka m'malo moika pamene akatswiri aona kuti pansi pali madzi. Ku Chikwawa ndi Nsanje ndiye kuli vuto lakelake, madera ena madzi a pansi ndi a mchere, anthu amangochapira, akumwa n'kumakatungabe ku Shire kumene kuli ng'ona.

N'chifukwa chake ine mabungwe amene ndimawapatsa ulemu kwambiri ndi aja amamanga nkhani ya madzi pamodzi ndi nkhani ya m'thumba. Mwachitsanzo kulumikiza komiti ya mjigo ndi banki mkhonde. Ndalama ya mjigo m'malo mogona kwa munthu mmodzi imalowa m'gulu, imabwerekedwa poyera aliyense akuona, imabwera ndi chiwongoladzanja, ndipo bokosi lija lili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu osiyana. Mayi amene wabwereka n'kuyamba geni ya mandasi kapena tomato savutikanso kusonkha ya mwezi. Kwina madzi otayika pa mjigo aja, m'malo mopanga chithaphwi cha udzudzu ndi nkhumba, amawakumbira kangalande kupita ku kadimba ka komiti, mpiru, chainizi, nthochi ziwiri zitatu, akagulitsa ndalama ya masipeya yapezeka. Mukafika pa mjigo wotere mumadziwiratu, pamakhala posesa, mpanda ulipo, ndipo pali gogo wina amene amakalipira ana akamalendewera pa chogwirira.

Chinanso ndi amakaniko a m'dera, anyamata ndi azimayi ophunzitsidwa kukonza zovuta zazikulu monga paipi ikang'ambika kapena marodi, zitsulo zazitali za m'kati mwa paipi zija, akagwera pansi. Munthu ameneyu akakhala ndi njinga, zida, ndi mgwirizano ndi midzi ingapo kuti aziyendera mijigo isanafe, iyeyo wapeza ntchito, mudzi wapeza madzi. Koma pafunikenso golosale ya pa tiledingi senta yapafupi izigulitsa masipeya, osati munthu akwere kabaza ndi minibasi mpaka kuboma kukagula karabala kamodzi, thiransipoti kuposa mtengo wa katunduyo.

Zodzithandiza tokhazi si zachilendo kwa ife. Madzi a m'mipopi ochokera m'mapiri, aja amangotsika okha opanda injini, anayambira ku Chingale ku Zomba mu 1968 kenako n'kufalikira ku Mulanje ndi madera ena, ndipo ngalande za mapaipi ankakumba ndi anthu eni ake ndi makasu awo, boma n'kubweretsa mapaipi ndi alangizi. Makolo athu anakwanitsa.

Ndiye inu achibale amene muli ku Joni, ku UK ndi kwina, amene mumasonkherana pa WhatsApp kuti mukakumbe mjigo kwanu, pitirizani ndithu, Mulungu akudalitseni. Koma musanatumize ndalama ija funsani kuti akumba mwezi wanji, akumba mamita angati, madziwo ayezedwa kapena ayi, ofesi ya zamadzi ya kuboma ikudziwa, makaniko wa deralo ndi ndani. Ndipo pa bajeti yanuyo siyaniko kena kophunzitsira komiti ndi kugulira masipeya oyambira. Mwinanso musanakumbe watsopano yambani mwafunsa ngati m'mudzimo mulibe wakale wongofunika kukonza, nthawi zambiri umakhalapo.