Njinga yamoto yopitira kuntchito mu Lusaka, yambani mwafunsa makaniko

Anzanga angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti njinga yamoto yabwino yopitira kuntchito ndi iti, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha.

Ine ndimakhala ku Chelstone, ntchito ndimagwira chakumsewu wa Lumumba. Amene mumayenda Great East Road m'mawa mukudziwa kale mmene zimakhalira, ukangodutsa pa Munali magalimoto aima, pa Arcades aima, pa Manda Hill ndiye osakamba, kondakitala akuitanabe anthu pomwe minibasi yadzaza kale, iwe maso ali pa wotchi mtima uli m'mwamba. Ukatsika mutauni uyendenso wapansi. Ndinatopa nazo, ndipo ndalama ya basi ya mwezi wonse ndikaiwerengera imandiwawa zedi.

Njinga yoyamba ndinagula mopupuluma. Inali yakale koma yowala, mapulasitiki ofiira, mtengo wotsika, mwini wake akuti akufuna ndalama mwachangu. Miyezi iwiri inayenda bwinobwino. Tsiku lina madzulo ndikuweruka inangozima pafupi ndi Kabwe roundabout, menya kiki, menya kiki, zii. Ndinaikankha mpaka thukuta kamukamu. Atatsegula anapeza kuti kabokosi ka moto kaja amati CDI kapsa, kanthu kokwana m'dzanja, koma ka mtundu umenewo kanasowa m'mashopu onse amene ndinalowa mutauni. Masabata atatu njinga ili pakhonde yafundidwa chisaka, ine ndabwerera pa minibasi, ndalama zikutuluka kawiri.

Amene anandithandiza ndi amalume ena achikulire okonza njinga pa kakontena kwathu kuno. Anandilozera khoma la mkati mwa kontenamo, pomwe apachika matcheni, masipuloketi, zingwe za kilatchi, mapulagi ndi mabuleki, nkundiuza kuti, “Mwana wanga, musanagule njinga muzibwera kaye mudzaone zimene zapachikidwa apazi. Njinga imene masipeya ake ali apa ndiyo mugule.” Mawu amenewo ndi amene ndimauza aliyense mpaka lero.

Ndiye mukayang'ana pa makoma ambiri otero mu Lusaka mupeza za Bajaj Boxer ndi za TVS HLX, zonse ziwiri zochokera ku India. Ine ndinatenga Boxer BM 150. Siyokongola kwenikweni, mpando wautali wafulati, koma injini yake ndi yosavuta, silinda imodzi, yozizira ndi mphepo, palibe za ledieta kapena madzi, ndipo makaniko wa ku Matero, wa ku Chawama, wa ku Mtendere amaidziwa mkati monse. Thanki yake imalowa malita 11. Yangayi ndikamayenda modekha imandipatsa makilomita pafupifupi 40 pa lita, ndinayeza ndekha podzaza thanki nkulemba manambala a pa mita m'kabuku. Poti a ERB, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, amalengeza mtengo wa petulo mwezi ndi mwezi, kabuku kameneko kamandithandiza kudziwa ndalama yoti ndiike pambali malipiro akangolowa.

Honda ndi Yamaha ndi njinga zolimba, palibe angatsutse, Honda Ace 125 kapena Yamaha YBR 125 ukaisamala imakhalitsa. Kungoti pogula thumba limamva, ndipo sipeya yeniyeni nayo imadula. Zikuluzikulu zija za mabungwe ngati Yamaha AG200 zinapangidwira kumunda ndi misewu ya kumudzi, kungoyendera Chelstone ndi tauni ndikuona ngati nkutaya ndalama. Za ku China zilipo zambiri, zina zabwino ndithu, koma funso ndi lomwelija, masipeya ake ali pakhoma?

Tsono nkhani ya sikuta, apa ndiye anthu amandifunsa kwambiri makamaka azimayi. Mlongo wanga amakhala ku Chilenje ndipo amagwira ntchito cha ku Longacres, msewu wake ndi tala yokhayokha kuchokera pageti mpaka pageti. Kwa iye sikuta ndi yabwino kwabasi. Palibe kilatchi, palibe kusintha magiya, umangopotoza nkumapita, pa jamu dzanja silitopa, pansi pa mpando umaikamo chikwama ndi kabokosi ka chakudya, ndipo kutsogolo kuli chotchinga moti matope sakuthimbirira pa zovala za kuofesi. Koma matayala ake ndi ang'onoang'ono, ambiri mainchesi 10 kapena 12, pomwe Boxer ndi 17. Tayala laling'ono likagwa m'dzenje limalowa lonse ndipo umamvera mumsana. Komanso sikuta ndi yaifupi, injini ndi lamba wake woyendetsa tayala lakumbuyo zili pansi penipeni. Amene mumakhala ku Kanyama kapena malo ena omwe madzi amadzaza mvula ikalimba mu January ndi February, chonde ganizani kawiri, madzi akalowa m'bokosi la lamba, lambayo amayamba kuterereka, injini ikulira koma njinga osasuntha. Ine ndimati yang'anani kaye kamsewu komaliza kolowera kunyumba kwanu nthawi ya dzinja, kameneko ndi kamene kakuuzeni ngati sikuta ingakwanitse.

China chimene ambiri sadziwa ndi cha laisensi. Ku RTSA, bungwe lopereka malaisensi, kalasi A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, ikapitirira pamenepo pamafunika kalasi A. Ndiye ngati mtima uli pa 150 dziwiranitu. Kwa munthu woyenda yekha mutauni 125 imakwana bwinobwino, ine ndinasankha 150 chifukwa Loweruka ndimanyamula akazi anga ndi katundu wa ku Soweto Market. Pa bajeti musaiwale road tax, inshuwalansi ndi helimeti, ziwiri ngati mudzanyamula munthu. Helimeti gulani yotseka mpaka kuchibwano ndipo muzimanga lamba wake, osangoiika pamutu poopa apolisi. Mutu ndi umodzi abale anga, ndipo oyendetsa minibasi akamakhotera pasiteji nthawi zambiri satiwona.

Mukafuna yakale, pitani ndi makaniko wanu, m'mawa injini isanalizidwe, muigwire ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Ikalira muone utsi, wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Muone mano a sipuloketi ngati asongoka. Nambala ya pa injini ndi ya pa chasisi zifanane ndi zolembedwa mu white book, chikalata cha umwini wa njinga, zikasiyana ngakhale kamodzi kokha chokanipo, njinga zobedwa zilipo ndipo vuto lidzakhala lanu. Mukagula musinthe dzina msanga.

Kusamala kwake sikovuta. Oyilo ndimasintha pa makilomita 2,000 alionse, wa njinga weniweni wolembedwa JASO MA pabotolo, chifukwa kilatchi ya njinga imasambira mu oyilo yemweyo ndipo wa galimoto akhoza kuichititsa kuterereka. Kuyambira August mpaka October fumbi la mu Lusaka limatseka fyuluta ya mpweya msanga, njinga nkuyamba kumwa petulo mowonjeza, ndiye ndimaitsegula pafupipafupi. Tcheni ndimaipaka oyilo Lamlungu madzulo ndikachoka kutchalitchi, kamwana kanga kali pambali kakundigwirira botolo.

Mlongo wanga uja sanagulebe, akusonkhabe ndalama ku chilimba cha kuntchito kwawo. Tagwirizana kuti ikakwana nthawi yake yolandira tidzayamba tapita kwa amalume aja pa kontena, akaone yekha ngati lamba ndi matayala a sikuta imene akuifunayo alipo.